Ndinagulitsa Nyumba ku Matawale, N'kukagula Mlandu ku Sadzi

"Sukulu yonse munaphunzirayo, bambo inu, n'kukagula malo kwa mkamwini?"

Anandikalipira choncho mayi Alinafe, ataimirira pa mulu wa mchenga wanga, manja ali m'chiuno, azichemwali awo awiri ali kumbuyo. Amisiri anga anali pamwamba akukhoma malata pa chipinda chachinayi. Nyundo zinasiya kulira.

"Mayi, tsikani pa mchenga wanga," ndinatero.

"Mchenga ndi wanu, ee, sitikukana. Nanga dothi lili pansi pakeli ndi la ndani? Tutani mchenga wanuwo, musenze ndi zipupa zanuzo, mutisiyire malo a amayi athu!"

Abambo anzanga, ndisanakuuzeni chomwe dzanja langa linachita, ndiyambe ndanena kuti ndine yani. Ndine Wyson Makwinja. Abusa andipempha kuti ndiime pano chifukwa ambiri a inu mwatsala pang'ono kupuma ntchito, ndipo ndimakumvani panja apo mukunong'onezana za mapuloti. Ine sindidziwa kukometsa mawu. Amene akhumudwe akhumudwe.

Ndinabadwira m'tauni muno, m'nyumba za boma. Kumudzi ndinkangopita kukagwa maliro. Ndinafika Fomu 4, ndipo kwa zaka zambiri ndinali kalaliki kuphiri kuja, kulemba matabwa otuluka m'nkhalango ya paini. Akazi anga a Esnart, amake Tadala, kwawo ndi ku Jali. Ankagulitsa kaunjika mumsika. Nyumba yathu ya ku Matawale tinamanga awiri. Ine ndinapeza puloti ndi njerwa, iwo anagula malata ndi zitseko, belo ndi belo, mpaka tinamanganso kanyumba kuseri, kaja timati boyizi. Koma pa mapepala panali dzina limodzi lokha, langa.

Ntchito itatha, ndinayamba kukhala pakhonde tsiku lonse. Mwamuna wozolowera kudzuka m'mawa akakhala pakhonde, mutu umayamba kuphika zinthu zosapsa. Ndi pamene anandipeza dobadoba wina wa malo ndi nyumba, wa nsapato zosongoka, wodziwa kuseka nthabwala zosaseketsa.

Zomwe anandiuza sizinali zabodza zonse, ndipo n'chifukwa chake zinandigwira. Ku Matawale mapuloti ndi oyezedwa, mapepala ali ku khonsolo, galimoto imafika pageti. Ogula kumeneko ndi aphunzitsi a ku koleji, manesi, anthu omwe banki imawadziwa, ndipo nyumba yake ukaigulitsa suvutika kupeza munthu. Koma nyumba imodzi ndi nyumba imodzi. Ukamagonamo wekha siikubweretsera ngakhale mchere. Ku Sadzi malo ndi otsika mtengo, ndipo ukamakwera mtunda mtengo umanka nutsika. Kumeneko sumanga nyumba ya munthu mmodzi, umamanga mdadada wa zipinda za lendi. Akabaza, alonda, amayi a mumsika, anyamata ongoyamba banja, onsewo amafuna chipinda chimodzi, ndipo chipinda sichitha mwezi chili chopanda munthu.

"Bwana," anatero dobadoba uja, "mukugonera chuma inu. Nyumba inoyi ku Sadzi ndi zipinda zisanu ndi zitatu, n'kutsalanso chenji. Mwezi ukatha mungoyenda ndi kachikwama."

Zomwe sanandiuze ndinaziona ndi maso anga pambuyo pake. Lole imathera m'munsi, ndiye njerwa iliyonse, thumba lililonse la simenti, zimakwera pamutu pa munthu ndipo mutuwo umalipidwa. Pamtsetse maziko amadya simenti ngati njovu. Koma chachikulu n'chakuti malo ambiri kumeneko si a munthu mmodzi. Ndi a mbumba.

Dobadoba uja anatitengera ku Sadzi, ine ndi amake Tadala, kwa a Matiki, bambo wa imvi, wolankhula mofatsa. Aliyense m'njira tikafunsa ankati, "Kwa a Matiki? Kwerani apo." Malo ake anali aakulu, okongola, tauni yonse ukuionera pansi. Ine mtima unali utagula kale. Amake Tadala anangoyang'ana uku ndi uku, kenaka anafunsa mwaulemu.

"Kodi abambo, kwanu n'kuti?"

"Kwathu ndi ku Chiradzulu, mayi, koma pano ndakalambira pompano."

"Nanga amayi ali kuti?"

"Anapita ku Milanje ndi azichemwali awo, akudwazika amalume awo. Sabwera msanga."

Amake Tadala anandikoka malaya, tinapatuka pang'ono.

"Bambo a Tadala, tiyeni tizipita. Awa ndi obwera. Malo ano eni ake ndi azimayi apita ku Milanjewo. Tidikire abwere, timve pakamwa pawo."

Abale, funso lomwe anafunsa mkaziyo ndi lomwe mwana aliyense wa kumudzi kuno akanafunsa. Ine wa m'tauni ndinaona mwamuna wamkulu pakhomo pake ndipo ndinati ndiye mwini. Komanso chinandiwawa n'chakuti amuna anzanga aona mkazi akundikoka malaya. Magazi anakwera.

"Iwe," ndinatero mokweza, "iwe wa Sitandade 6 ukufuna undiphunzitse ine za malo? Zako ndi masiketi a kaunjika. Khala chete!"

Zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawatchulepo kuti iwe pamaso pa anthu. Anamanga chitenje chawo bwinobwino n'kutsika okha.

Pepala tinalembera pa tsamba long'amba mu kope. Mboni zinali ziwiri, anzawo a a Matiki, ndipo wina anabwera ndi chidindo nanena kuti ndi nduna ya amfumu. Sindinapite kwa amfumuwo kukafunsa. Nyumba ya ku Matawale ndinaigulitsa mwezi womwewo kwa bambo wina wogwira ntchito ku Lilongwe, yemwe ankafuna kuti banja lake lidzakhale kuno. Amake Tadala sanasaine paliponse chifukwa panalibe pomwe dzina lawo linkafunika. Tsiku losamuka, katundu yense ali pa lole, iwo anabwerera m'nyumba yopanda kanthu n'kuikolopa chipinda ndi chipinda. Ine ndinali panja, ndikuuza dalaivala kuti aziliza hutala.

Tinakachita lendi kanyumba kena podikira mdadada. Miyezi isanu ndinamanga ngati wamisala. Kenaka eni malo anabwera kuchokera ku Milanje, ndipo ndi tsiku lija mayi Alinafe, mlamu wawo wa a Matiki, anaimirira pa mchenga wanga.

Ndinawaonetsa pepala. Analiyang'ana ngati tsamba la fodya.

"A Matikiwo ali kuti?" anafunsa. "Anatsanzika kuti akupita kwawo kukaona munda, lero ndi sabata yachitatu. Iwo pano anabwera ndi sutikesi, bambo. Akanakugulitsani sutikesiyo."

Amisiri aja pamwamba anaseka. Kuseka kumeneko ndi komwe kunandimaliza. Ndinatola fosholo. Mayi Alinafe anatchinga ndi mkono, ndipo ndinamva fupa likuthyoka. Mpaka lero ndimalimva.

Kukhoti ndinavomera. Panalibe chokana, anthu anaona masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinalowa kundende. Ndili momwemo nkhani ya malo inakambidwa ndipo inatha monga mmene aliyense wanzeru akanadziwira: malo ndi a azimayi aja. A Matiki sanaonekenso. Foni ya dobadoba inasiya kugwira.

Amake Tadala anabwera kudzandiona kawiri ndi chakudya. Ulendo wachitatu anandiuza kuti eni nyumba ya lendi awatulutsa. Mukudziwa chomwe ndinayankha? Ndinati, "Munandilodza ndinu ndi pakamwa panu paja. Mukanakhala chete zonsezi sizikanachitika." Anaika kontena pansi, anandiyang'ana, anatembenuka. Sanabwerenso. Ndipo anachita bwino.

Nditatuluka sindinawafunefune. Ndinkadziuza kuti ndawakwiyira, koma zoona zake ndinkaopa nkhope yawo. Ndinakwera kuphiri, kwa anthu odula mitengo omwe kale ndinkawalemba mayina m'buku ndili pampando. Anandipatsa pogona m'chisakasa. Ndinayamba kutola nkhuni, kumanga pa njinga yobwereka, kutsika nazo m'tauni. Zomwe ndapeza zinkathera pa kachasu ndisanafike n'komwe pa mtsinje wa Mulunguzi. Mwana wanga Tadala anakwatiwa ine kulibe. Ananditumizira uthenga, ndinaledzera dala kuti ndisapite. Zaka ziwiri zinapita choncho, ndevu mpaka apa, nsapato za matayala, mano awiri anatsala pa bala ina ya mowa pomwe ndinayamba ndewu yomwe sindikukumbukira chiyambi chake.

Ku Matawale ndinkakupewa. Koma tsiku lina, kunali m'mwezi wozizira, nkhuni zinakana kugulika mumsika, ndipo mmero unkandiyabwa. Ndinati ndingolowa m'mphepete, sindifika mumsewu wathu uja. Miyendo ili ndi nzeru zake. Ndinangozindikira ndili pafupi ndi geti lomwe ndinalipenta ndekha, ndipo mawu a mayi wina akuitana.

"A nkhuni! A nkhuni inu! Lowani nazo kuseri."

Anali mkazi wa bambo uja anagula nyumba. Sankandidziwa, pogula panali amuna awo okha. Ndikanatha kupitirira. Koma ndinkafuna botolo. Ndinatsitsa chipewa kumaso n'kukankha njinga, kudutsa pawindo la chipinda chomwe ndinagonamo zaka zonse zija, mpaka kuseri.

Kuseriko kunali mayi atawerama pa beseni, akuchapa mabulangete. Ndinayamba ndazindikira msana. Anawongoka, thovu likuchucha m'mikono, ndipo tinaonana.

Anali amake Tadala. Chitseko cha boyizi chinali chotsegula, ndipo ndinaona bedi lathu mkatimo, ndi kabati yawo ya mbale itapanikizidwa pakona. Pambuyo pake ndinamva kuti atasowa kolowera anabwera kudzapempha lendi m'kanyumba komwe anagulira okha malata, ndipo ankachapira eni nyumbawo kuti lendi izitsikako.

Ine manja anali pa handulo, fungo la dzulo likutuluka m'thupi monse.

"Mtolo uwu mukuti bwanji?" anafunsa mayi wa nyumba uja. Ndinatchula mtengo, mawu osamveka. "Iii, mwadulitsa! Chotsaniko. Kapena mukufuna mukamwere zonse? Taonani maso akewo, amayi."

Ndinadikira kuti amake Tadala aseke, kapena anene kuti uyu ndi uja anandigulitsira nyumba ndili moyo. Anali ndi ufulu wonse. Anapukuta manja pa chitenje, anabwera, anathyola kankhuni kamodzi.

"Apatseni yomwe anenayo," anatero. "Nkhuni izi n'zouma. Ndipo kuphiri n'kutali."

"Kodi mukuwadziwa?"

Anandiyang'ana kuyambira ku chipewa mpaka ku nsapato za matayala.

"Ndinkawadziwa," anatero, n'kubwerera ku beseni.

Abambo anzanga, kundende sindinalire. Pa maliro a bambo anga sindinalire. Tsiku limenelo ndinatula nkhuni, ndinalandira ndalama, ndinakankha njinga mpaka kutuluka m'tauni, ndipo nditafika pa mtsinje wa Mulunguzi ndinakhala pa mwala n'kulira ngati mwana wotayika pamsika. Amayi ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu ankandiyang'ana. Mkazi uja ndinamulanda nyumba, ndinamunyoza pagulu, ndinamunamizira ufiti, ndipo iye anaimirira kundimenyera nkhondo ya mtengo wa nkhuni.

Sindikunamizani kuti mowa unatha tsiku lomwelo. Ndinamwanso kawiri. Chomwe chinathandiza n'chakuti ndinapita kwa mayi yemwe ankandigulitsa kachasu masana, anthu ali pomwepo, n'kunena mokweza kuti akadzandigulitsanso ndidzagubuduza migolo yake. Ankandidziwa mtima wanga, sanayesenso. Mkwiyo wanga unagwirako ntchito yabwino kamodzi kokha m'moyo. Kenaka ndinatsika kuphiri, chifukwa sungasiye mowa ukugona pakati pa anzako omwa nawo. A Nkhoma, mkulu wa mpingo ali apayu, anandipezera kachipinda ndi ntchito yolondera pa malo ena ogulitsa matabwa. Malipiro ankasunga ndi iwo.

A Nkhoma omwewo ndi omwe anandiuza kuti, "Musanaganize za kwa akazi anu, pali mkono munathyola." Ndinakana mwezi wathunthu. Kenaka tinapita, nditanyamula tambala kukhwapa.

Mayi Alinafe tinawapeza pakhonde la mdadada wanga uja. Zipinda zinayi anazimaliza, munali anthu. Mkono wawo unapola mokhota, sutambasuka.

"Eee, abwana a pepala!" anatero. "Fosholo mwaisiya kuti lero?"

Ndinagwada pa dothi. Ndinanena kuti ndinalakwa, popanda kuwonjezera kuti koma. Mukapita kukapepesa, mawu oti koma muziwasiya kunyumba.

Anandisiya chogwada nthawi yaitali ndithu. Kenaka anati, "Dzukani, mukundidetsera pabwalo. Tambalayo ndi wowonda ngati mwini wake, koma tilandira." Anati akambirana kaye ndi abale awo.

Patapita masabata atatu anatiitana. Panali azichemwali onse atatu, mlongo wawo yemwe ndi mwini mbumba, ndi amfumu enieniwo. Anati zipupa ndi malata zomwe ndinasiya akudyerapo, ndipo safuna kudya thukuta la munthu, ngakhale munthuyo ndi chitsiru. Anadula kamalo kakang'ono m'munsi, pafupi ndi njira.

"Koma timvane," anatero mayi Alinafe. "Inu sitikukupatsani. Tinamva kuti tsiku lija panali mayi anati dikirani eni ake abwere, inu n'kumutukwana. Tikupatsa mayi ameneyo. Dzina lilembedwe lake."

Linalembedwa lawo. Ndinayenda nalo pepalalo mpaka ku maofesi oyenera, maulendo osawerengeka, kuti likhale lenileni.

Tsono inu amene mukufuna kugula, ndimvereni. Sindikunena kuti ku Sadzi n'koipa, anthu akumanga kumeneko ndipo ena akudya bwino. Sindikunenanso kuti ku Matawale kulibe akuba, mapepala abodza aliko, kawaonetseni ku khonsolo musanatulutse kanthu. Koma nyumba yomwe mukugonamo musaigulitse chifukwa cha zipinda zomwe zili m'kamwa mwa dobadoba. Ngati mukufuna mdadada, yambani ndi chipinda chimodzi muli pakhomo panu. Mukapita kukaona malo a makolo, musafunse kuti pano m'pa yani, chifukwa anthu adzakutchulirani mwamuna yemwe amamuona pakhonde. Funsani kuti anabadwira pano ndani. Azimayi onse a pamalopo akhalepo, mlongo wawo akhalepo, kwa amfumu mupite ndi miyendo yanu. Ndipo mkazi wanu akakukokani malaya, patukani mumve.

Njerwa za pa kamalo kaja ndinaumba ndekha, ndikaweruka. Zinanditengera chaka ndi miyezi kuti zipinda ziwiri ziime, za malata akale ogula kwa anthu ophwasula nyumba. Nthawi yonseyo sindinapite kwa amake Tadala. Ndinkafuna ndipite ndi chinthu m'manja, osati ndi pakamwa. Mwezi watha ndinatuma a Nkhoma kwa ankhoswe, achimwene awo a ku Jali. Yankho linabwera lakuti abwera kudzaona.

Amake Tadala anabwera Loweruka masana ndi achimwene awowo. Anakalamba, abale. Tsitsi lomwe ndinalisiya lakuda layera. Analowa, anagogoda chipupa ndi chala, anatsegula windo n'kutsekanso. Ndinawapatsa pepala. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, mpaka anafika pa dzina lawo.

"Lanu lili pati?"

"Palibe."

Anakhala pa njerwa yomwe inatsala pakhomo.

"Bambo a Tadala," anatero, ndipo aka kanali koyamba kumva dzina limenelo pa zaka zonsezi, "nyumba ndailandira. Ndatopa kuchapa mabulangete a eni ake. Ndilowa."

Ndinayamba kunena kuti bedi tiliika chipinda cha kum'mawa. Anakweza dzanja.

"Ndati ndilowa ine. Inu ayi."

"Amake Tadala, ndinasiya mowa. Afunseni a Nkhoma."

"Ndamva. Koma tsiku lija munandinena kuti iwe munali musanamwe. Tsiku munathyola mkono wa mayi uja munali musanamwe. Mowa unabwera pambuyo. Ine chomwe ndimaopa si botolo."

Ndinamva kutentha kuja kukukwera, komwe ndimakudziwa bwino. Ndinkafuna kukuwa kuti njerwa zonsezi ndaumba ndi manja anga. Iwo ankandiyang'ana, akudikira. Achimwene awo anasendera pafupi. Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva magazi.

"Mpaka liti?" ndinafunsa.

"Sindikudziwa. Mwina mpaka kale. Sindikukulonjezani kanthu."

M'mawa mwake ndinabwereka njinga n'kupita ku Matawale. Ndinagogoda pageti, ndinauza mayi wa nyumba uja dzina langa lonse ndi chomwe ndabwerera. Ndinayenda maulendo asanu ndi limodzi kututa katundu wa amake Tadala. Kabati ya mbale ndinaikankha wapansi njira yonse kuti galasi lisasweke. Bedi ndinalimanga chipinda chomwe analoza iwo, cha kumadzulo. Nditamaliza ndinatulutsa makiyi m'thumba. Anali awiri. Ndinawapatsa onse, ndipo ndinatsika kubwerera ku kachipinda kanga.